Nyemba ya M'kabati

Amake Mafunso ankayanika zovala pachingwe pamene mwana wawo analowa pageti, zitini ziwiri m'manja, maso ali psuu. Dzina lakuti Mafunso anamupatsa ndi bambo ake chifukwa chokonda kufunsa, koma tsikulo analibe funso ngakhale limodzi.

"Amayi, aphunzitsi andichotsa pagulu lokaonetsa za sayansi. Akuti ndine mtsikana wabodza."

"Wabodza iwe? Wanama chiyani?"

"Anati tibzale nyemba m'zitini ziwiri, china pazenera, china m'kabati mumdima, tione kusiyana kwake. Nyemba za anzanga za mumdima zayezuka, zaonda ngati ulusi. Yanga ya m'kabatiyi taonani kubiriwira kwake! Akuti sindinaiike mumdima n'komwe."

Mayiwo anayang'anitsitsa nyemba ija, malaya onyowa akuwadonthera kumapazi. Nyembayo ankaidziwa bwino. M'mawa wina, potenga makapu, anaipeza m'kabati itazyolika, yachikasu ngati mwana wodwala, ndipo anaimvera chisoni. Kuyambira pamenepo, Mafunso akapita kusukulu, ankaitulutsa kuti iothere dzuwa. Masana ankaibwezera pamalo pake, poti mwanayo sankafuna kuti zinthu zake zizisunthidwa. Sanamuuze, monganso sankamuuza akamusokera thumba lobooka.

"Ambuye, ndithandizeni," ananong'ona. Anafuna kuulula pomwepo, koma ataona misozi ya mwana, mawu anawakanika.

Kutacha anavala bwino n'kumuperekeza kusukulu, zitini zija atazinyamula okha. M'kalasi anapezamo mabotolo odula pakati, mawaya ndi mabatire, kagalimoto ka makatoni, ndi nyemba za ana zitandandalikidwa pazenera.

"Takulandirani mayi," anatero aphunzitsi, akusasa choko m'manja. "Koma ngati ndi za nyemba, tinamaliza dzulo. Mbewu yokulira mumdima singabiriwire chonchi."

"Zoonadi, aphunzitsi. Komatu mwanayu anaiika m'kabati monga munamuuzira. Woitulutsa padzuwa ndinali ine. Ndinkati waiwala."

Kenaka mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Nyemba ya Mafunso ili ndi nesi wakewake!" Ana onse anafa nacho chiseko. Mayiwo anaweramitsa mutu, koma sanatuluke.

Aphunzitsi anatenga chitini cha m'kabati chija n'kuchitembenuza pang'onopang'ono. "Ndiye kuti dzuwa la m'mawa lokha linaikwanira?"

Mafunso anakweza dzanja. "Nanga ikamaona dzuwa kanthawi kochepa kwambiri, ibiriwirabe?"

"Limenelo sindingayankhe," anatero aphunzitsi. "Ukabzale zina, ukayese, ndipo zimene ukapeze ukaonetsa ndiwe pamodzi ndi gulu lako. Ndinafulumira kukuweruza." Anatembenukira kwa mayiwo akumwetulira. "Anesi ulendo uno apume kaye."

Ana anasekanso, koma mayiwo sanaseke. Anayenda pakati pa madesiki mpaka pamene panakhala mwana wawo, n'kugwada pasimenti. Mafunso anawakoka mkono mwamanyazi.

"Amayi, dzukani, anzanga akuona."

"Aone," anatero mokweza. "Za nyembazo ndinachita posadziwa. Koma dzulo unalira pamaso panga, ine ndikudziwa zoona, n'kukhala chete mpaka kucha. Mwana wanga, undikhululukire."