Nell ndi Likhweru la Kutsidya

Mayi Ishbel Turnbull sanaganizepo zoweta galu mpaka tsiku limene anawerenga kapepala pakhomo la tchalitchi. Kapepalako kankati a Dod Glendinning, amene anaweta nkhosa m'mapiri a Ettrick zaka makumi asanu, akusamukira kunyumba yosamalira okalamba, ndipo galu wawo akusowa pokhala. Mayiwo anali atapuma pantchito ya unamwino, amuna awo anali atatsogola kale, ndipo nyumba inkawakulira. Anaipempherera nkhaniyo sabata yathunthu, kenaka anapita kukamutenga.

Galuyo anali wamkazi, wa mtundu wa koli, agalu oweta nkhosa aja. Anali wakuda, wa mzere woyera pamphuno, khutu limodzi loima, lina logwa. Dzina lake Nell. A Dod sanachulutse mawu. Anavula juzi lawo lakale, nalipinda bwinobwino.

"Muzimuyalira ili, mayi," anatero. "Asamadabwe kwambiri."

Nell anali mlendo waulemu. Sankakwera pampando, sankapempha chakudya patebulo, ndipo mpira umene mayiwo anamugulira ankangouyang'ana ngati akuwamvera chisoni. Chodabwitsa chinali chimodzi. M'mawa uliwonse, cha m'ma seveni koloko, ankadzuka mwadzidzidzi n'kuima pachitseko, thupi lonse likunjenjemera. Akamutsekulira, ankalumpha mpanda wamiyala n'kuzimirira mu nkhungu. Pakatha ola ankabwera atanyowa, n'kudya mbale yonse, n'kugona ngati munthu amene wachoka kumunda. Mayi Turnbull ankadzifunsa kuti kodi amapita kuti, koma ankaona kuti n'zachinsinsi chake.

Yankho linabwera ndi a Wattie Hislop, mlimi wa kutsidya kwa kamtsinje. Unali mwezi wa Epulo, nkhosa zikuswa, ndipo maso a bambowo anali ofiira ndi tulo.

"Mayi Turnbull, sindinabwerere tiyi."

"Nkhope yanena kale, a Wattie. Koma ketulo sadziwa zimenezo, wawira. Lowani."

Sanalowe. Anangoima pakhomo akupotokola chipewa.

"Galu wanuyu ndamuona katatu kumtunda kwa busa langa. Nkhosa yabere ikathamangitsidwa imapoloza, mukudziwa inu, munali namwino. Mukudziwanso zimene lamulo limandilola ndikapeza galu pakati pa nkhosa. Mfuti ndili nayo. Sindikufuna, koma ndili nayo."

"Waluma ina?"

"Ayi."

"Wathamangitsa?"

"Ndimamuonera patali, akuzizungulira chokwawa. Galu wozungulira nkhosa za eni popanda womutuma, mawa aluma. Mumangeni, kapena mumubweze."

Kobweza kunalibe. Tsikulo mayiwo anagwada nthawi yaitali pambali pa bedi, ndipo sanapemphe zambiri. Anangoti, "Ambuye, ndionetseni chimene sindikuchiona."

M'mawa mwake sanatsekule chitseko. Seveni itakwana Nell anadzuka monga mwa masiku onse, nayamba kulira chapansipansi. Mayiwo anaika kapu pansi n'kumangomuyang'ana. Mwadzidzidzi galuyo anagona chafufumimba pakati pa khitchini, mutu pansi, maso kuchitseko. Posakhalitsa anadzuka, nazungulira tebulo chakumanja. Anaima. Anabwerera chakumanzere. Anagonanso.

Palibe amene anamuuza kanthu. Mayi Turnbull anakankha zenera pang'ono, natchera khutu. Mphepo yozizira inalowa, ndipo pamodzi nayo kanalowa kamawu kakang'ono kochokera kutsidya: likhweru. Linali la a Wattie, akutuma galu wawo. Likalira lalitali, Nell ankagona. Likalira lodukaduka, ankazungulira. Mayiwo anaima pazenerapo mpaka phala linapserera.

Tsiku lotsatira anavala majombo, namanga Nell chingwe, nawoloka kamlatho. Anawapeza a Wattie pachipata cha busa ndi galu wawo wamphongo, Cap.

"Mwabwera naye wolakwayo kuti ndisavutike kumusaka?"

"Musathamange magazi, bambo. Tandiimbirani likhweru lija logoneka galu."

"La chiyani?"

"Imbani basi. Mpweya simugula."

A Wattie anaika zala ziwiri m'kamwa. Likhweru lisanathe n'komwe, agalu onse awiri anali pansi, ngati wina wawagwetsa ndi dzanja limodzi. Bambowo anachita tsinya, naimba lina. Cap anathamangira kumanja, ndipo Nell anakoka chingwe mbali yomweyo mpaka mayiwo anadzandira.

"Galu aliyense amamva likhweru la mwini wake yekha," anatero a Wattie pang'onopang'ono. "Ife oweta nkhosa sitiimba mofanana. Uyu munamutenga kwa ndani?"

"Kwa a Dod Glendinning."

Bambowo anakankhira chipewa kumbuyo. Kenaka anakanda kumbuyo kwa khosi.

"Ine ndinagwira ntchito kwa a Dod zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakwatire. Kuimba likhweru anandiphunzitsa ndi iwowo. Sindinasinthepo ngakhale limodzi." Anamuyang'ana Nell. "Ndiye kuti masiku onsewa womuitana ndine. Ine n'kumadabwa kuti nkhosa zakumtunda zikutsika bwanji zokha. Ndimati Cap wayamba nzeru kuukalamba."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Kumva likhweru n'kwina, mayi, kudziwa kuyenda ndi nkhosa ya mwana n'kwinanso. Ndiyenera ndione ndi maso anga." Analoza ndi ndodo yawo yokhota. Pafupi ndi chigwembe, patali ndithu, panali nkhosa imodzi yokhala ndi ana awiri obadwa dzulo lake, itapatuka pa zinzake. "Ija ndiyaukali, Cap amaiopa. Mmasuleni Nell. Akaithamangitsa kapena kuiluma, nkhani yathera pomwepo."

Zala za Mayi Turnbull zinakanika kumasula mfundo kawiri. A Wattie anaona, koma anayang'ana kumbali mpaka mayiwo anamaliza okha.

Likhweru linalira. Nell sanalunjike pa nkhosayo. Anadzera kutali, m'mbali mwa mpanda, mpaka anakatulukira kumbuyo kwake. Nkhosa inatembenuka, inaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, mutu utaweramira kugunda. Mayiwo anagwira chipata ndi manja onse, milomo ikuyenda popanda mawu. Nell anagona. Sanauwe, sanasunthe. Anangoiyang'ana m'maso, nthawi yaitali kwambiri moti khwangwala anatera pampanda n'kuulukanso. Potsiriza nkhosayo inatembenuka yokha, n'kuyamba kutsika. Kamwana kamodzi kanagwa m'matope. Nell anaima, nadikira kuti kadzuke, kenaka anapitiriza pambuyo pawo mwakachetechete mpaka pachipata.

A Wattie anatsokomola.

"Cap, waona? Uzichita manyazi." Anatembenukira kwa mayiwo. "Muzibwera naye seveni koloko, pachingwe. Osamutsekulira yekha, ndizidziwa pamene ali. Azigwira nane ola limodzi, kenaka ndi wanu tsiku lonse."

"Nanga mfuti ija?"

"Ndi ya nkhandwe. Koma pali likhweru limodzi loti muphunzire inuyo, lomuuza kuti ntchito yatha, abwere kwa mwini wake. Apo ayi azingokhala kuno. Tayesani. Zala m'kamwa, lilime mulipinde."

Mayi Turnbull, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi zaka makumi awiri, anaika zala m'kamwa, nauzira ndi mphamvu zonse. Panatuluka mpweya wokhawokha ndi malovu pang'ono. Mapewa a a Wattie anagwedezeka, koma bambowo anawerama ngati akukonza chingwe cha chipata.

"Ine zinanditengera mwezi," anatero. "Yesaninso."

Anayesanso. Kanatuluka kamawu kosasa, kopanda mutu. Nell anapendeketsa mutu, nayang'ana a Wattie, nayang'ana nkhosa. Kenaka anabwera yekha, nakhala pa majombo a mayiwo.