Zipi ya Diresi la Ankhoswe

"Kokera mpweya m'kati, uugwire," anatero Mayi Zamfira, mapini ali kukamwa.

Rodica anakoka mpweya mpaka nkhope inafiira. Zipi inakwera pang'ono, n'kuima pakati pa msana. Mayi Zamfira anaikoka kawiri konse, kenako anaitaya n'kukakhala pampando wa pamakina osokera.

"Basi, puma. Usandifere m'nyumba."

"Zipiyo yangolimba. Ipakeni sopo."

"Zipi ilibe mlandu, Rodica. Patsala mpata woti dzanja langa lonse lingalowe."

Linali Lachitatu, ndipo ukwati unali Lamulungu. Ilinca, mwana wa oyandikana nawo nyumba, anali atapempha Rodica ndi mwamuna wake Marin kuti adzakhale ankhoswe. Ulemu wake ndi waukulu, koma mulibe pobisala. Pa mwambo wa kwawoko, nkhoswe yaikazi imaima kumbuyo kwa mkwatibwi ola lathunthu itanyamula kandulo yaitali, tchalitchi chonse chikuiyang'ana kumsana. Kuphwando ndiyo imatsogolera gule, ndiyonso imavula mkwatibwi velo n'kumumanga mpango anthu onse atazungulira.

Vutoli Rodica analiputa yekha mu Febuluwale. Anabwera kwa Mayi Zamfira, telala amene anasokera theka la akazi a m'tauniyo, atanyamula nsalu yomwe mwana wake Sorina anatumiza kuchokera ku Italy komwe ankasamalira okalamba. Inali nsalu yolemera, yobiriwira ngati botolo la vinyo. Atamuyeza, Rodica anasuzumira pa tepi n'kunena kuti, "Chotsanipo masentimita asanu ndi atatu. Kusala kodikira Pasaka kukuyamba Lolemba."

"Nyimbo imeneyo ndaimva zaka makumi anayi," anamuyankha Mayi Zamfira tsiku limenelo. "Maukwati onse amadikira Pasaka idutse, ndiye ankhoswe onse amabwera kuno ndi malonjezo. Amapita kukasala, pobwera amadzaza chitseko."

Rodica sanamve. Ankadziwa kuti mayiwa amakonda kubisa nsalu m'misoko, choncho anaimirira pomwepo mpaka sizasi inadutsa ndendende pamene chala chake chinaloza.

Kusala anasaladi. Milungu isanu ndi iwiri sanalawe nyama, dzira kapena mkaka. Koma Rodica ankagulitsa tchizi kumsika, ndipo nyengo yosala tchizi sayenda. Ankangokhala pabenchi tsiku lonse n'kumaswa nthanga za mpendadzuwa. Masana buledi ndi nyemba, madzulo mbatatesi yokazinga ndi buledi wina. Kenako inafika Pasaka ndi nyama yake ya nkhosa, ndi buledi wotsekemera wa mtedza amene anaphika yekha n'kumalawa yekha.

"Ndiye titani?" anafunsa tsopano, atagwira diresi pachifuwa kuti lisagwe.

Mayi Zamfira analavulira mapini m'kambale n'kuloza kuchitseko ndi chibwano. Pamenepo panali jekete yosokedwa kale ndi nsalu yomweyo, yaitali mpaka m'mawondo, ya manja otambalala. Jeketeyo ndiyo Rodica ankaidalira. Diresi linali longoperekeza.

"Nsalu ina kulibe. Ilipo ndi iyo. Ndikaimasula nditulutsamo zidutswa ziwiri zazitali, ndiziike m'mbalimu kuyambira kukhwapa mpaka pansi. Diresi litseka, ndipo likukhala bwino kuposa mmene tinkaganizira."

"Nanga jekete?"

"Jekete imwalira."

"Ndiye ndikaime pamaso pa anthu mikono iyi ili pamtunda? Mbina iyi?"

"Pamaso ayi. Ukawapatsa msana."

Rodica sanaseke.

"Tamvera, mwanawe. Ine ndakuyeza kuyambira uli mtsikana. Kumtunda uli nazo, kumunsi uli nazo, koma pakatipa pali chiuno. Akazi ena amandilirira kuti ndiwapangire chiuno ndi ulusi, iwe uli nacho chakochako n'kumachibisa ngati katundu wakuba. Jekete iyo ikakukuta, ukaoneka ngati kabati yofunditsidwa nsalu."

"Kabati anthu sainyoza."

"Amainyoza, kungoti siimva."

Rodica anavula diresilo, anabwerera m'siketi yake ndi juzi yotuwa, n'kunena kuti jeketeyo asaikhudze.

"Ndikudikira mpaka Lachisanu m'mawa," anatero Mayi Zamfira iye ali pamasitepe. "Kupitirira apo, manja angawa sangathe."

Marin sankatha kusunga nkhani. Lachinayi masana mlongo wake Doina, mkazi woonda ngati singano, anatulukira kukhitchini kwa Rodica ndi kathumba kukhwapa. Anatulutsamo lamba wofinya mimba, wotambalala ngati thaulo, wa tingowe tambirimbiri kumsana.

"Alamu, ndamva za tsoka lanu. Uyu anavala apongozi anga pa ukwati wanga. Masentimita khumi amawameza ngati masewera."

"Paja anakomokera pa keke aja ndi omwewo?" anafunsa Marin.

"Inu achimwene, za akazi zisiyeni. Bwerani mukoke."

Anakoka awiri, Doina atatsamiritsa bondo pa chitofu. Kangowe komaliza katalowa, Doina anayeza ndi chingwe cha apuloni n'kuomba m'manja. Masentimita anali atapitadi. Koma zimene zinachoka pamimba sizinapite kutali. Zina zinatulukira kukhwapa, zina kumsana.

"Zimenezo jekete ibisa," anatero Doina.

Rodica anatenga tsache n'kuligwira chilili ngati kandulo. Anaima pansi pa wotchi ya pakhoma kuti aone ngati angathe ola. Patapita mphindi zisanu thukuta linayamba kutsika kumbuyo kwa makutu. Zitakwana khumi anayamba kuona timadontho takuda pakhoma loyera.

"Tsopano kwezani mikono, ngati mukuvula velo," analamula Doina.

Mikono inafika m'mapewa n'kukanirira. Tsache linagwa, Rodica anakhala pansi penipeni atatsamira firiji, pakamwa pali yasa ngati nsomba. Marin anagwada n'kuyamba kumasula tingowe tija ndi zala zake zonenepa, akutukwana kangowe kalikonse.

Doina anapinda lamba wake bwinobwino.

"Ndiye ingovalani lakuda lija, alamu. Lakuda limabisa, komanso anthu analizolowera. Sindikunena moipa. Amayi ankanena kuti thupi lina ndi la ntchito, si la zovala."

Anamwa khofi wake mpaka kumaliza, kenako anapita.

Rodica anatsegula kabati n'kutulutsa diresi lakuda lija. Linali losaumbika, lotsika kuchoka m'mapewa mpaka m'akakolo osagunda paliponse. Analivala pa maliro a apongozi ake onse awiri, pa ubatizo wa ana atatu a abale, ndiponso tsiku limene Sorina anamaliza sukulu. Analivalanso tsopano n'kuima pagalasi. Linalowa popanda mkangano, monga mwa nthawi zonse.

Marin anaima pachitseko akudya dzira lowiritsa lopakidwa utoto wofiira, lotsala pa Pasaka.

"Wamwalira ndani?"

"Musandiyambe, bambo a Sorina."

"Ndikungofunsa. Ilinca adzatsegula zithunzi zake zaka makumi awiri zikubwerazi. Adzaona mkwati, mkwatibwi, ine ndi taye yanga, ndi mayi wina amene anasochera pochokera kumanda."

"Kuseka n'kosavuta." Rodica sanacheuke. "Tsiku lija munanditengera kwanu koyamba, ndinavala diresi lofiira la lamba. Ndinasoka ndekha. Ndili m'khitchini kutsuka makapu, amayi anu anati, ‘Uyu ndiye ukhoza kumumangirira pulawo, hatchi n'kugulitsa.’ Doina anaseka mpaka kutsamwa. Khoma lake linali la matabwa."

Marin anayang'ana chikamba cha dzira chili m'manja mwake.

"Ndinamva nanenso."

"Munamva."

"Ndipo ndinakukwatirani mwezi wotsatira."

"Mukanayankha."

"Ndikanayankha," anavomera Marin. Anatola tizidutswa ta chikamba pa malaya. "Koma amayi tinawaika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, mayi a Sorina. Azikusankhirani zovala mpaka liti?"

Rodica anamuthamangitsa m'chipindamo n'kutseka chitseko. Anaima pagalasi yekha. Kenako anagwira nsalu yakudayo kumsana ndi dzanja limodzi n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka inagwira thupi. Chiuno chinalipodi. Sichinali chiuno cha mtsikana wa diresi lofiira uja, koma chinalipo, pamalo pomwe Mayi Zamfira ananena. Anatembenukira kumanja, anatembenukira kumanzere, n'kuitaya nsaluyo. Kabati inabwerera.

Lachisanu anafika kwa telala asanapite kumsika. Anapachula yekha jekete ija pachitseko n'kuiyala patebulo. Anaisisita kamodzi. Inali jekete yokongola, ndipo anali asanaivale kulikonse.

Mayi Zamfira anamupatsa lumo.

"Msoko woyamba masula wekha. Sindikufuna udzandiimbe mlandu kumsika."

Rodica anayambira paphewa. Ulusi unaduka motsatizana, dzanja la jekete linalendewera, kenako linagwera pansi.

"Tsopano bwera ndikuyezenso. Ndipo usakoke mimba, ndikuona."

Tepi inazungulira pachifuwa, m'chiuno ndi pa mbina. Mayi Zamfira ankatchula manambala mokweza ngati akuitana basi, n'kumadikira.

"Nanga lero tichotse angati?"

"Lembani zimene tepi yanena," anatero Rodica. "Muonjezerepo imodzi. Kuphwandoko ndikadya."

Lamulungu kunacha ndi kamphepo. Marin anaimika galimoto pansi pa mitengo ya kunja kwa tchalitchi, pamene anthu anali atadzaza kale pamasitepe. Pampando wakumbuyo panali makandulo awiri aatali omangidwa maluwa oyera. Pamiyendo pa Rodica panali thumba la pepala, ndipo m'thumbamo munali juzi yake yotuwa ija. Anaiika m'mawa osauza munthu.

Anakhala m'galimotomo injini itazima.

"Tikudikira wansembe adzatitenge?" anafunsa Marin.

Rodica anatsegula chitseko n'kutsika. Diresi linagwira m'mapewa, linatsika mosafinya, linalowa m'chiuno n'kumasukanso pa mbina. Zidutswa zija za m'mbali Mayi Zamfira anazisoka ulusi wa nsalu utapingasa, moti zinkaoneka zakuda pang'ono kuposa pakati, ngati zinakonzedwa choncho kuyambira pachiyambi. Mikono inali pamtunda kuyambira pamwamba pa chigongono, yonenepa, yoyera, ya munthu amene wanyamula zidebe za tchizi zaka makumi atatu. Mphepo inaikhudza, tsemwe linatuluka.

Doina ndiye anayamba kufika. Anamuyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kunsapato, n'kubwereranso.

"Jekete ili kuti, alamu?"

"Ndavala. Ili m'mbalimu."

"Ndiye zonse pamtunda."

"Zonse. Ndi zomwe zija mwakhala mukuzikamba zaka zonsezi. Lero muzione bwinobwino, musamangoyerekeza."

Doina anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo galimoto ya mkwatibwi inalowa ikuliza hutala, anthu n'kuyamba kusuntha. Akazi awiri a kumsika, ogulitsa mazira, anali atagundana kale zigongono pamasitepe. Rodica anawaona. Anaonanso mwamuna wina wachikulire atavula chipewa, osadziwa kuti wavulira iye kapena mkwatibwi.

Marin anatulutsa makandulo, kenako anaweramiranso m'galimoto n'kutuluka ndi thumba la pepala lija. Anasuzumiramo, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Nditenge?"

Rodica anayang'ana thumbalo. Anayang'ana masitepe, anthu, ndi chitseko chotsegula cha tchalitchi. Mikono inali ikuzizidwa ndithu.

"Lisiyeni. Khomani galimoto."

Analandira kandulo yake n'kupita kukachingamira Ilinca.

M'tchalitchi anaima pamalo pake, kumbuyo kwa mkwatibwi, msana wonse ataupereka kwa anthu. Wansembe asanayambe, Ilinca anacheuka pang'ono pansi pa velo, nkhope ili mbuu.

"Amayi, miyendo ikunjenjemera."

"Tsamira ine," ananong'oneza Rodica. "Malo alipo."

Kumbuyo manong'onong'o anayamba, monga ankadziwira kuti ayamba. Sanamve mawu ake, ndipo sanacheuke. Kandulo inali yolemera, phula linkadonthera pa chala, koma mpweya unkalowa mpaka pansi pa mimba. Anaima choncho ola lonse.