Injini ya Vitara ya Malemu Frederick

Frederick Mpande atamwalira mu Juni 1997, anasiyira mkazi wake Kettie ana atatu, nyumba ya malata ku Boma la Luangwa, ndi galimoto yofiira ya Suzuki Vitara. Maliro asanathe n'komwe, abale ena a mwamunayo anali atayamba kale kuponya maso pa mipando ndi firiji. Amene anawaletsa anali Tenson, mng'ono wake wa malemuyo.

"Wofuna kukhudza katundu wa ana awa ayambe wathana ndi ine," anatero Tenson ataimirira pakati pa anthu.

Kuyambira tsiku limenelo Kettie ankamukhulupirira ngati mlongo wake weniweni. Choncho Tenson atanena kuti galimotoyo ikufunika kukaonedwa ku garaja ina ku Lusaka, kumene Vitara ya iye mwini yoyera, yakale ndi yofuka utsi, inali kale, Kettie anangomupatsa makiyi.

Galimoto yofiirayo inabwera patatha milungu itatu, yotsukidwa bwino, mipando itavekedwa nsalu zatsopano. Koma sinalinso yomwe ija. M'mawa inkavuta kulira. Loweruka lina Kettie, amene ankaphunzitsa pa pulayimale n'kumagulitsako nsomba zouma, anapita nayo ku Kavalamanja. Pobwerera inalephera chitunda chimene kale inkakwera mosavuta, mpaka amayi awiri amene anawanyamula anatsika n'kuyenda pansi.

Anaitengera kwa Silvestre, makaniko wochokera ku Zumbo, tsidya la mtsinje, amene ankakonza mainjini a maboti ndi magalimoto pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi msika. Silvestre anatsegula boneti, n'kusuzumira mkati.

"Amai, iyi ndi ya a Frederick ija?"

"Ndi yomweyo. Mwaiwala?"

"Thupi ndi lomwelo. Bulubuku muli nayo?"

Kettie anatulutsa kabuku ka galimotoko m'chikwama. Silvestre analoza pamene panalembedwa chaka: 1994.

"Magalimoto awa nkhope ndi imodzi, koma mkati amasiyana malinga ndi chaka," anafotokoza. "Oyamba aja, a 1988 ndi 1989, ambiri anabwera ndi kabuleta, mavavu asanu ndi atatu. Yanuyi ndinaigwirapo a Frederick ali moyo. Inalibe kabuleta. Mafuta inkachita kupopera yokha, ndipo mavavu ake anali sikisitini. Manje onani ichi." Anagogoda ndi sipanala pa chitsulo chakuda ndi mwaye. "Kabuleta. Onaninso mawaya awa, odulidwa n'kukulungidwa tepi. Sapita kulikonse."

"Mwina anasinthako chabe chimene chinawonongeka," anatero Kettie.

Silvestre ananyowetsa kansanza ndi petulo, napukuta m'mbali mwa injini mpaka manambala osindikizidwa pachitsulo anaonekera. Anawawerenga mokweza, Kettie akutsatira ndi chala m'bukumo. Anasiyana.

"Injini iyi ndi yaikulu zaka zisanu kuposa galimoto yanu, amai."

Kettie anakhala pa tayala lakutha limene linali pamenepo. Anakumbukira kuti masiku amenewo Vitara yoyera ya Tenson inkapita ku Lusaka kawiri pa mlungu itadzaza nsomba, yopanda utsi, ndipo anthu ankaiyamikira liwiro. Iyenso anaiyamikirapo, tsiku limene anamuphikira mlamu wakeyo nkhuku yomuthokoza.

Kettie ndi Silvestre anam'peza Tenson masana omwewo kumsika akumangirira mitolo ya nsomba za pende pamwamba pa galimoto.

"Alamu, tsegulani boneti."

Tenson anaseka. "Mwayamba umakaniko liti, mlamu?"

"Tsegulani. A Silvestre akufuna kuwerenga nambala."

Amayi ogulitsa nsomba anasiya malonda n'kuyandikira. Tenson anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakoka kawaya kotsegulira. Silvestre anapukuta, nawerenga. Nambala iliyonse inagwirizana ndi ya m'buku la Kettie.

"Chabwino, ndi yomweyo," anatero Tenson, mawu atauma. "Nanga inu mumapita kuti? Kusukulu ndi ku Kavalamanja basi. Ine ndimayenda mtunda. Ena aja akanatenga zonse, mpaka mapoto. Ine ndakusiyirani nyumba, ndakusiyirani galimoto yoyenda. Pa zonse za mkulu wanga, injini chabe ndiyo mundichititsire manyazi pamsika?"

"Mukanapempha," anatero Kettie. "Mwina ndikanakupatsani galimoto yonse. Ana anga amakutchulani atate."

Apongozi a Kettie, amayi ake a malemuyo, anatumiza uthenga kuti nkhaniyo ikambidwe pachibale. Kettie anadikira milungu iwiri, koma palibe anabwera. Mlungu wachitatu anatenga bulubuku n'kupita kupolisi. Wapolisi anayerekeza manambala yekha, ndipo anauza Tenson kuti asankhe: kubweza injini kapena kukayankha kukhoti.

Ntchito yobwezera inamutengera Silvestre masiku anayi, magalimoto awiriwo ataima moyandikana pansi pa bwemba. Mawaya odulidwa aja anamuvutitsa kwambiri, ndipo nyali ina ya padashibodi sinazimenso. Tenson sanafikepo. Anatuma munthu wina kudzatenga galimoto yake.

Chaka chitatha, pa mwambo woika mwala pamanda a Frederick, a kwa Mpande sanamuitane Kettie. Anamva kwa mnzake wa kusukulu kutatsala tsiku limodzi. Anaveka ana zovala za kutchalitchi, nawakweza m'galimoto, napita. Anaima kumbuyo kwa anthu mpaka mapemphero atatha. Mwana wake wamng'ono, Miyanda, ataona Tenson anafuna kuthamangira komweko. Kettie anamugwira dzanja, kenaka anamusiya apite. Iye anatsala pomwepo, akuyang'ana mwalawo.