Kamlomo ka Chopalira

Kuyambira m'mawa a Utuchi sanakhale pansi. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, poti mutu wawo sunkasowa utuchi ngakhale atasamba. Mwana wawo wotsiriza, yemwe onse ankangomuti Mzime, ankanyamuka masana omwewo kupita kutali kukayamba ntchito. Mbale yamtengo imene anamulonjeza inali ikadali pamakina osemera, kunja kosalala, mkati muli mizeremizere.

Mtengo wake unali mgwafa wa kuseri kwa nyumba, umene Mzime ankakwera ali wamng'ono. Mphepo itaugwetsa, a Utuchi anasunga zidutswa, koma zinang'aluka pouma. Chinapulumuka chimodzi chokha, ndipo ndicho chinali pamakinapo.

"Ababa, dzandithandizeni kutseka chikwamachi!" anaitana Mzime ali m'nyumba.

Anazimitsa makina n'kupita. Pobwera anapeza mlamu wawo, wometa anthu, ali m'shedi, dzanja limodzi litagwira thalauza. Lamba wake wachikopa anali atamuvula n'kumukola pamsomali, ndipo ankapititsapo chizulo, chitsulo chosemera, uku ndi uku monga amachitira ndi lumo.

"Alamu, mukutani ndi zida zanga?"

"Ndikukuchotsani manyazi. Izi mumati zakuthwa? Sizingamete ngakhale mutu wa khanda."

"Ndanola ndekha pa chonolera cha dayamondi m'mawa uno."

"Dayamondi amanola, chikopa chimamaliza. Taonani." Anadutsitsa chizulocho pamkono, ubweya n'kuyoyoka. "Ndakonza zonse. Musavutike kundithokoza."

A Utuchi analibe nthawi ya makani. Anayatsa makina, mbale inayamba kuzungulira, ndipo anatenga chopalira, chitsulo chophwatalala chosalazira mkati. Chinkawala ngati galasi. Atachikhudzitsa pamtengo sichinatulutse zopala zopotana zija. Chinangolira tswii, n'kutulutsa fumbi. Panja anamva Mzime akutsanzika kwa aneba. Anakanikiza, n'kukanikizanso.

Khwa! Chitsulo chinakodwa, m'mphepete mwa mbale munabenthuka, kachidutswa n'kukamenya lata la shedi.

Anazimitsa makina. Kenaka anapapasa kunsonga kwa chopaliracho ndi chala chachikulu.

"Alamu, kamlomo kali kuti?"

"Kamlomo kanji?"

"Kachitsulo kopindika kamatsala kunsonga ndikanola."

"Kaja kokanda chala? Ndakachotsa. Palumo ndi kamene kamatema anthu zibwano."

"Apa ndi kamene kamadya mtengo! Chizulo chimadula, chopalira chimapala ndi kamlomoko. Mwachizula mano, alamu."

Pakhomo panali pataima Mzime, atavala kale nsapato za paulendo. Anayang'ana pobenthukapo, kenaka nkhope ya bambo ake.

"Yafa?"

"Siinafe. Yalumala chabe."

"Basi siidikira, ababa. Isiyeni, ndidzaitenga ulendo wina."

"Ulendo wina ndi liti?" anatero a Utuchi, osamuyang'ana.

Anatenga kachitsulo kawo ka dayamondi, kotalika ngati chikhatho, n'kukadonthezera madzi. Anapanitsa chopalira pabenchi n'kuyamba kukhula kunsonga, kuchokera pansi kupita m'mwamba, osabwerera. Anapapasa: palibe. Anakhulanso, pang'onopang'ono, ngakhale miyendo inkafuna kuthamanga. Anapapasanso, ndipo kanthu kanawakanda chala.

"Kabwera," ananong'ona.

Ulendo uno sanakanikize. Anangochigoneka pamtengo, zopala zopyapyala n'kuyamba kutuluka, zopotana, zikugwera pa nsapato za Mzime. Mkati munasalala.

Panatsala pobenthuka paja. Panafunika kudula m'mphepete monse, ndipo mtengo unali utapyapyala kwambiri moti chida chobuntha chikanaung'amba mpaka pansi. A Utuchi anayang'ana zida zawo, n'kuusa moyo, n'kutenga chizulo chimene chinameta mkono wa mlamu wawo. Chinalowa ngati mpeni m'sopo. Kamkombero kamtengo kanadukako bwinobwino n'kukagubuduka pansi pa benchi.

"Mwaona chikopa?" anatero wometayo.

"Khalani chete, gwirani thalauza."

Mayi ake a Mzime anakuwa kuchokera kumsewu kuti nthawi yatha. A Utuchi anamasula mbale pamakina, anapala kunsi kwake mwachangu, n'kuipukuta ndi malaya awo. Inali yafupika, yosapakidwa mafuta, yotumbuluka ngati fupa.

"Ndimafuna ikhale yakuya," anatero. "Ndiponso yowala."

Mzime anaitembenuza m'manja, n'kuinunkhiza.

"Ikununkhira ngati kuseri kwa nyumba. Komanso yakuya ija sikanalowa m'chikwama, mwaona nokha mmene tavutikira kutseka."

"Ukafika uipake mafuta ophikira, pang'ono pokha. Usaisiye m'madzi. Usaiike padzuwa."

"Ndamva, ababa. Amalume, lamba wanu!"

Koma amalume ake anali atanyamula kale chikwama paphewa, akuthamangira kumsewu, dzanja lina lili pathalauza. Mzime anakutira mbale m'juzi n'kuwatsatira. A Utuchi anathamanga nawo mpaka pokhota, ndipo basi itapita anabwerera kushedi okha. Anasesa, n'kusesanso pomwe anasesa kale. Pansi pa benchi anapeza kamkombero kaja. Anakazunguza pachala, n'kukakoleka pamsomali, pamwamba pa lamba wa mlamu wawo.