Achimwene, Tikuwoloka Mlatho

Soo Kim-chui anakwera ndege koyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo musaganize kuti ankafuna kuona dziko. Dziko lokhalo limene mkuluyu ankalifuna linali munda wake wa magwafa kunja kwa mzinda wa Tainan, ndipo limenelo ankaliona m'mawa uliwonse popanda kumangidwa lamba pampando. Chimene chinamuzula m'mundamo chinali kalata yochokera ku Osaka, mzinda wa ku Japan, yonena kuti mkulu wake Kim-tho wamwalira, thupi analitentha kale, ndipo mafupa ali mumtsuko kudikira abale.

Akanakonda kuyankha kuti adikire choncho, popeza Kim-tho nayenso anadikiritsa anthu zaka makumi asanu. Koma panali lonjezo. Mayi awo, tsiku limene anatsirizika, anagwira Kim-chui pamkono n'kumuuza kuti kaya wamoyo kaya wakufa, adzamubweretse mkulu wakeyo adzagone pambali pawo. Malo anasiyidwa, ndipo Kim-chui ankawalambula chaka ndi chaka uku akunyinyirika.

Kim-tho anapita ku Japan ali mnyamata kukaphunzira. Kumeneko pakamwa panamutsogolera, ananena zimene boma la masiku amenewo silinkafuna kumva, dzina lake n'kulowa pamndandanda wa anthu osaloledwa kubwerera kwawo. Pamene mndandandawo unkang'ambidwa, mayi anali atagona m'manda zaka zitatu, ndiye manyazi anapitiriza ntchito imene boma linasiya. Anthu ophunzira amati imeneyi ndi mbiri ya dziko. Kim-chui ankati mbiri sinalimepo mzere ngakhale umodzi, ndipo kwa iye Kim-tho anali munthu amene anathawa maliro a bambo ndi a mayi omwe.

Asananyamuke anagawa katundu ngati wopita kunkhondo. Pampu yothirira anaipereka kwa mkamwini, njinga yamoto kwa mphwake, ndipo mnansi anamusonyeza pamene amabisa mpeni wotengulira mitengo. Mkazi wake Siok-eng, amene anafikako kale ku Korea ndi gulu la amayi a kukachisi, anamufunsa ngati nayenso wamuika pa katundu wogawidwa, kuti adziwiretu kolowera. M'ndegemo Kim-chui anasuzumira pazenera, n'kuona nyanja imene bambo ake anaiwoloka pa sitima ya asilikali kukamenya nkhondo ya eni, nabwerako ndi khutu limodzi logontha. Anaganiza za anthu onse amene madzi amenewo anawameza, mtima unamuwawa ndithu mpaka misozi kulengeza. Kenaka chinabwera chakudya, ndipo anadya chake ndi theka la cha mkazi wake.

Ku Osaka anawalandira mayi Haruyo, mayi wochepa thupi wa imvi mbuu, amene anakhala ndi Kim-tho zaka makumi anayi pamwamba pa kashopu kawo kochapira ndi kusita zovala. Kim-chui anali atakonzeka kulankhula ndi manja. Koma mayiyo anawerama mwaulemu, n'kunena m'chilankhulo cha kwawo kwa Kim-chui, ndi kalankhulidwe ka m'mudzi mwawo mwenimweni: "Takulandirani, a Kachule. Mwakalambatu."

Kachule linali dzina limene mkulu wake ankamunyoza nalo ali ana, chifukwa cha mimba ndi timiyendo. Siok-eng anaseka mpaka kugwira chitseko. Kim-chui sanaseke. Dzinali anali asanalimve zaka makumi asanu, ndipo linamulasa pamalo amene ankayesa kuti anauma kalekale. Pofuna kudziteteza, anatsimikiza mumtima kuti mayiyo sadzamutcha mlamu. Ukwati umene mayi sanauone, umene sunaphetse ngakhale nkhumba imodzi, kwa iye kunali kukhalirana chabe. Ankangoti "mayi awa".

Wakufa saona njira, izi ngakhale mwana amadziwa. Uyenera kumuuza zonse, kuti tikutuluka pakhomo, tikukwera galimoto, ndipo koposa zonse kuti tikuwoloka mlatho, pakuti mzimu ukafika pamadzi umadodoma n'kutsalira tsidya lino. Umamufunditsa ambulera yakuda kuti dzuwa lisamuotche, ndipo maganizo ake umawafunsa ndi makobidi awiri: limodzi likagwa chagada lina chafufumimba, wavomera, akagwa mofanana, wakana. M'mawa mwake Kim-chui anayatsa lubani, anafunsa ngati achimwene akonzeka kutuluka, makobidi anavomera. Mayi Haruyo anakulunga mtsuko m'nsalu yoyera, anaupereka ndi manja awiri, n'kuwerama. Sanalire, sanapemphe kanthu. Kim-chui anati mumtima mwake, si izi, anthu a kuno mitima yawo ndi miyala.

Chimene palibe anamuuza n'chakuti Osaka ndi mzinda wodzaza ndi ngalande. Injini ya takisi isanatenthe n'komwe, anali atafuula kale kasanu kuti, "Achimwene, tikuwoloka mlatho!" Woyendetsa, bambo wa magolovesi oyera, poyamba ankaponda buleki poyesa kuti wagunda munthu. Kenaka anazindikira, ndipo mwa ulemu wake anayamba kuthandiza: akaona mlatho kutsogolo ankakweza chala. Vuto linali lakuti ankakwezanso chala pa misewu yodutsa pamwamba pa inzake, ndiye Kim-chui ndi mkazi wake anayamba kukangana ngati mlatho wopanda madzi pansi ndi mlatho. Siok-eng anati si mlatho. Kim-chui anati wakufa alibe nthawi yosuzumira pansi, n'kufuula ndithu. Pofika pa siteshoni ya sitima yopita kubwalo la ndege, mawu ake anali atasasa ngati a tambala wa chitopa.

Asanalowe m'sitima anagwada pakona, ambulera ili pamwamba pa mtsuko, nafunsa ngati achimwene akadali nawo. Makobidi anakana. Anafunsanso, anakana. Kachitatu, chimodzimodzi.

"Tawataya," anatero. "Pali mlatho umene tauphonya."

"Ponyaninso kachinayi," anatero Siok-eng. "Makobidi ndi makobidi, bambo. Atopa okha n'kuvomera."

"Iwe, ukufuna ndikapereke chigoba kwa amayi? Akandifunsa kuti mwana wanga ali kuti, ndikati ali ku Japan, akuonerera mabwato?"

Ndege inanyamuka popanda iwo. Anabwerera wapansi, njira yomweyo, Siok-eng akukoka sutikesi ndi kutchula mayina a amuna onse amene anawakana pa utsikana wake, Kim-chui atakumbatira mtsuko pansi pa ambulera yakuda, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Pa mlatho uliwonse ankagwada n'kufunsa kuti achimwene muli pano kodi. Khobidi likagubuduka, pankapezeka munthu wolithamangira n'kulibweza ndi manja awiri. Mayi wina wachifundo anaponyapo lake, n'kusokoneza yankho lonse. Wapolisi anaima, anaona nsalu yoyera, anavula chipewa, nawaperekeza mpaka mlatho wotsatira. Pa milatho iwiri makobidi anavomera, koma atafunsanso kuti atsimikize anakana, ndipo Kim-chui anapepesa ponena kuti wadzutsa akufa a eni.

Pa mlatho wina waukulu miyendo inamukanika, anakhala pansi. Anayang'ana chikhamu cha anthu othamangira kuntchito, ndipo chinamubwerera chinthu chimene m'munda sichinkapeza mpata: onsewa, ndi zikwama zawo, tsiku lina adzanyamulidwa. Nayenso ulendo wotsatira adzakhala mkati mwa nsalu. Nanga adzamuitana ndani? Mwana wake wamwamuna amalankhula ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa, maso ali pafoni. Ameneyo adzamutaya pa mlatho woyamba, wa pafupi ndi msika. Anachita mantha enieni, ndipo anauza mkazi wake kuti asayerekeze kutsogola. Siok-eng anayankha kuti ndi mayendedwe a lerowa sangalonjeze.

Dzuwa litapendeka anafika pa kamlatho kakang'ono kuseri kwa shopu ija, kamene m'mawa takisi inadutsa iye ali kalikiliki kulimbana ndi ambulera kuti ikwane m'galimoto. Pakati pa kamlathoko panaima mayi Haruyo, kapu ya tiyi ili m'manja, ina ataiika pa chitsulo chotsamira. Kim-chui anagwada n'kuponya. Makobidi anavomera. Anavomeranso. Anavomera kachitatu.

Mayiyo anachita manyazi ngati wagwidwa ndi katundu wakuba. "Sindinawagwire ine, a Kachule," anatero. "Ndinawauza kuti pitani kwanu. Tiyiyu n'chizolowezi chabe."

Anafotokoza kuti Kim-tho ankaima pamenepa m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, nkhope ataloza kumene ngalandeyo imathirira m'nyanja, n'kumamuuza zochitika kumudzi ngati akuziona. Ankati mwezi uno kwathu akuveka magwafa timatumba, koma Kachule achedwa monga mwa masiku onse. Ankadziwa mtengo uliwonse, ndi chitsime, ndi galu amene anafa kalekale. Mayiyo anatchula zonsezi mwadongosolo, mpaka dzina la kamtsinje kodutsa kumanda, ngakhale kuti phazi lake linali lisanapondeko.

Kim-chui anabwerera ku ntchito imene anadzera. Anafunsa ngati achimwene tsopano anyamuka. Makobidi anakana. Anawanyengerera, anakana. Ndiye anapsa mtima, ndipo zimene anazisunga zaka makumi asanu zinatuluka ndi mawu osasa aja, pamaso pa anthu odutsa panjinga. Anawakumbutsa amene ananyamula bokosi la bambo, amene ankasintha mayi zofunda, amene ankayankha apolisi akabwera kudzafunsa za makalata. Anati mudakali moyo boma linakuletsani, kenaka manyazi, nanga lero chikukuletsani n'chiyani. Anaponya. Makobidi anagwa mofanana, phee.

"Fupa lokakamiza limaswa mphika," anatero Siok-eng, atakhala pa sutikesi akusisita phazi. "Mwafunsa mafunso onse kupatula limodzi, ndipo limenelo si la makobidi." Analoza ndi milomo kwa mayi wa tiyi uja.

Kim-chui anayamba kutola makobidi ake. Siok-eng ndiye anafunsa mayiyo, mwachimvekere monga amachitira, ngati ali ndi pasipoti. Mayi Haruyo analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka mabisiketi. Munali mapasipoti anayi, atatu otha ntchito, imodzi yatsopano. Kim-chui anawatsegula imodziimodzi. Chithunzi chinkakalamba, tsitsi lakuda kusanduka imvi, koma masamba onse anali oyera, opanda chidindo ngakhale chimodzi.

"Chaka chilichonse ankati chaka chamawa tikaone amayi," anatero mayiyo. "Ndinkafuna tsiku limene adzanene kuti lero, adzandipeze wokonzeka."

Apa Kim-chui manyazi anamugwira, amene sanamugwire tsiku lonse pamene ankagwada m'misewu. Anaona kuti iye ankalambula malo opanda munthu kumudzi, pamene mayiyu ankasamala timabuku topanda chidindo kuno, ndipo onse awiri anawakalambitsa munthu mmodzi yemweyo wouma mutu. Anatseka chitini, anachibweza ndi manja awiri monga anaonera kwa eni dziko.

"Alamu," anatero, mawuwo akutuluka movutikira, "muli ndi nsapato zolimba? Kumanda kwathu n'kwa matope."

Pamenepo m'pamene mayi wa mtima wa mwala uja analira, ndipo analira mokweza, mpaka Siok-eng anaiwala phazi lake.

M'mawa mwake anatuluka atatu, wachinayi ali m'nsalu yoyera. Mtsuko anaunyamula mlamu. Atafika pa kamlatho kaja, Kim-chui anatsegula pakamwa kuti aitane, koma panangotuluka mpweya. Mawu anathera dzulo. Mayi Haruyo anaweramira pa mtsukowo n'kunena motsitsa, ngati munthu wodzutsa mwamuna wake: "Bambo, tiyeni. Tikuwoloka mlatho. Tikupita kwa amayi."

Atafika tsidya linalo, Siok-eng anafunsa mwamuna wake ngati saponya makobidi kuti atsimikize. Kim-chui anapisa dzanja m'thumba, anawakhudza, n'kuwasiya momwemo. Ambulera anaipendeketsa kuti ifunditse mtsuko ndi wounyamula yemwe, ndipo dazi lake linatsala padzuwa njira yonse ya kusiteshoni.