Madzi Oyenda Amene Belarmino Anapempha

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakhomo pa Herminda Curinao sipanachitike mwambo wa We Tripantu, wa makolo awo wolandira chaka chatsopano. Mwezi wa Juni, usiku wotalika kuposa ena onse ukafika, anzake a kumunsi kwa phiri ankasonkha moto, kukazinga mikate ndi kumwa muday, thobwa lawo la tirigu, ndipo m'bandakucha ankatsikira kumtsinje kukasamba kuti dzuwa la chaka chatsopano liwapeze oyera. Herminda ankangomvera ng'oma ali m'nyumba, chifukwa mwamuna wake Belarmino, chilowereni mpingo wa kumsewu, ankati zonsezo n'zamdima.

Belarmino yemweyo ndi amene anagulitsa munda wa kumtunda kwa kampani ya matabwa. Kampaniyo inadzala mitengo ya paini kuyambira kumpanda kwawo mpaka pamwamba pa phiri la kum'mawa, ndipo patangopita zaka zisanu ndi chimodzi kasupe wa kuseri kwa nyumba anauma. Kuchokera apo ankamwa madzi obwera pa galimoto, othiridwa m'migolo, onunkha mankhwala.

Chaka chimenechi Belarmino anali chigonere kuyambira Epulo. Mapapo anali atatha. Mwana wawo Nélida, namwino mumzinda wa Temuco, ankaimba foni kawirikawiri, ndipo mawu ake sankasintha: "Amayi, musawatulutse panja bambo. Mphepo ikangowalowa, basi."

Masana a tsiku loti mawa ndi chaka chatsopano, Herminda akumumwetsa tiyi wa masamba wa kwawoko, Belarmino anafunsa, "Mawa n'tsiku lanji?"

"Lachisanu."

"Usandiyankhe ngati mwana. Ndikufunsa za dzuwa."

Herminda anaika kapu pansi. "Inu mukufunsa za dzuwa? Si inu munkati dzuwa lilibe makutu?"

"Ndinkatero."

"Nanga lamera makutu liti?"

Belarmino anaseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa chimene chinamupinda pakati. Atapuma anati, "Ndakhala ndikulota amayi anga akundikokera kumtsinje ndili wamng'ono. Madzi ake ocheka ngati mpeni. Mayi a Nélida, mawa undisambitse dzuwa lisanatuluke."

"Madzi ali mumgolomo. Nditenthetsa."

"Ayi. Madzi oyenda."

"Madzi oyenda munagulitsa, bambo a Nélida."

Mawu amenewo anali atawasunga pamtima zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anatuluka mosavuta ngati moni. Belarmino anatembenukira kukhoma.

Herminda anatuluka kukadyetsa nkhuku, nkhukuzo zitadya kale. Anazungulira pabwalo, anawaza nkhuni zimene sankazifuna, kenako anafunda tchale chake, nsalu yaubweya ya m'mapewa, n'kutsetserekera kwa Eudocia Millapán, mnzake wa paubwana, amene anali pakalikiliki kukanda ufa.

"Taonani amene wabwera," anatero Eudocia osadzutsa mutu. "Mkazi wa woyera mtima. Wasochera kapena wabwera kudzatilalikira?"

"Ndipatseko muday, iwe. Pang'ono chabe."

"Wa ndani?"

"Wa bambo a kunyumba."

Eudocia anasiya kukanda. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta manja pa chilundu. "Ndiye kuti zafika pamenepo."

"Akufunanso madzi oyenda."

"Kumtsinje ndi mwendo wako wodwalawo sungabwereko dzuwa lisanatuluke. M'kachigwa ka m'paini muja mumadontha timadzi nyengo ino. Koma ukakumana ndi alonda a kampani, usanditchule." Anadzaza botolo n'kumupatsa. "Mapemphero ukuwakumbukira?"

"Theka."

"Theka lakwana. Nthaka si mphunzitsi, siichonga."

Madzulo amenewo Herminda anasonkha moto pabwalo, molunjika pakhomo, n'kusiya chitseko chotsegula kuti Belarmino aziuona ali pabedi. Anakazinga mikate isanu ndi umodzi. Belarmino ananyemako kamodzi kokha. Herminda anathira muday pansi, kum'mawa, n'kutchula amayi ake, agogo ake, ndi apongozi ake aja a m'maloto. Pamene mawu ankamuthawa, Belarmino ankamukumbutsa kuchokera m'nyumba ndi mawu asasa. Zinamudabwitsa, komanso zinamupsetsa mtima, kuti munthuyu anali nawo mapemphero onsewo m'mutu zaka zonsezi.

Tambala woyamba atalira, Herminda ananyamuka ndi chigubu ndi kapu yachitsulo. Udzu unali utayera ndi chisanu, ukuphwanyika pansi pa nsapato. Anakwawa kunsi kwa waya waminga, tchale n'kung'ambika pamsana, n'kulowa m'mitengo. M'paini mulibe mbalame, mulibe chitete. Anamva mapazi ake okha. Pansi pa kachigwa anapeza timadzi tikuyenderera pakati pa miyala, tochepa ngati mkodzo wa mbuzi. Anagwada, n'kumatunga kapu imodzi imodzi mpaka zala zinafa dzanzi. Chigubu chitadzaza, anasamba kumaso ndi m'khosi. Ankayembekeza kuti amva kanthu mumtima, koma anangomva kuzizira.

Pobwerera, kumwamba kukuyera, anapeza Belarmino ali pakhomo. Anali atakwawa yekha kuchoka pabedi, atakhala pansi moyedzamira mphuthu ya chitseko, bulangete litagwera m'chiuno.

"Mwapenga kodi? Lowani. Ndiwafunditse pang'ono madziwa."

"Ukawaika pamoto afa. Thira."

"Nélida anati…"

"Nélida ndinabala ndine. Thira, mayi, kukucha."

Herminda anamuvula malaya. Nthiti zinali pamtunda, zowerengeka. Anayamba ndi kumaso, kenako m'mutu, kenako m'mapewa. Madzi atafika pachifuwa, Belarmino anakoka mpweya ngati wabayidwa, thupi lonse n'kuyamba kunjenjemera, mano akugundana. Herminda anaona zimenezo. Anatunganso kapu ina n'kuthira, ndi inanso, mpaka chigubu chinatsala pang'ono kutha. Kenako anamupukuta n'kumukulunga m'mabulangete awiri.

"Tsopano tilowe."

"Ndilione kaye."

Kumunsi kwa phiri ng'oma zinali zitayamba kale, kusonyeza kuti kumeneko dzuwa lawatulukira. Koma pakhomo pa Herminda, chikulireni mitengo ya paini, dzuwa la m'nyengo yozizira linkafika mochedwa. Anakhala pamthunzi, awiriwo, akuyang'ana khoma lakuda la mitengo. Herminda anamuchonderera kawiri, kachitatu anayesa kumunyamula, koma Belarmino anagwira mphuthu ndi mphamvu imene Herminda sanadziwe kuti akadali nayo.

"Madzi a kasupe uja ankakoma," anatero Belarmino patapita nthawi.

"Ankakoma."

"Anandiuza kuti mitengo imakoka mvula."

"Ndipo inu munakhulupirira."

"Ndinafuna kukhulupirira."

Panadutsa pafupifupi ola dzuwa lisanasuzumire pamwamba pa nsonga za paini. Linali lofooka, loyezuka. Belarmino anakweza dzanja limodzi, n'kulipatsa moni m'chiyankhulo cha makolo ake, ndipo atatero analola kuti alowetsedwe.

Masana omwewo thupi linatentha. Loweruka anayamba kubwebweta, ndipo Lamulungu, pamene Nélida ankatsika basi, mawu anali atatsekeka. Nélida anamvetsera pachifuwa cha bambo ake, anayang'ana bulangete lonyowa limene linali likadali pachingwe, ndi phulusa la moto pabwalo. Anawatengera amayi ake kuseri kwa nyumba.

"Mwawachita chiyani?"

"Anapempha okha, mwanangu."

"Anapempha chiyani?"

"Kusamba. Madzi a chaka chatsopano."

"Panja? M'chisanu muno? Munthu wopanda mapapo?" Nélida sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. "Zaka zonsezi akukana zinthu zimenezi, lero apemphe okha? Munadikira kuti afooke, amayi."

"Afunse."

"Ndiwafunse bwanji? Akuyankhula?"

Belarmino anamwalira Lolemba m'mawa, galimoto yopita naye kuchipatala isanafike. A mpingo anabwera ndi nyimbo zawo, ndipo m'busa anauza anthu kuti m'bale Belarmino anagwira chikhulupiriro mpaka mapeto, osayang'ana kumbuyo. Herminda anakhala chete pafupi ndi bokosi. Nélida anaima mbali ina, pakati pa amayi a mpingo, ndipo atachoka kumanda sanagone pakhomo. Anakwera basi ya madzulo.

Patatha sabata, Eudocia anakwera phiri ndi mbale ya nyemba. Anapeza Herminda atakhala pafupi ndi mbaula yozima.

"Anthu akuti chiyani?" anafunsa Herminda.

"Anthu ali ndi pakamwa. Idya."

"Eudocia, pamene ndinkamuthira madzi pachifuwa, ndinaona kuti akunjenjemera. Kapu imodzi inali yokwana. Mwambo sunena kuti chigubu chonse." Anayang'ana manja ake. "Sindinasiye. Ndipo sindikudziwa ngati ndinkamusambitsa kapena ndinkamubwezera."

Eudocia anakoka mpando n'kukhala. "Anakuuza kuti usiye?"

"Ayi."

"Akanakuuza, ukanasiya?"

"Sindikudziwa."

Eudocia sanamutonthoze. Anadzuka, anachotsa phulusa mumbaula, n'kusonkha moto, ndipo anakhala pomwepo mpaka Herminda anadya theka la nyembazo.

Nélida anabweranso mu Novembala, mitengo ya maapozi itachita maluwa. Anadzatenga Baibulo la bambo ake ndi chipewa chawo. Herminda anamuphikira nkhuku, koma iye anati wadya kale panjira. Anafunsa ngati denga likudontha, ngati mwendo ukupwetekabe, n'kusiya mapilitsi patebulo. Herminda anamuperekeza mpaka kumsewu, akutsimphina pambuyo pake, ndipo basi itabwera Nélida anangoti, "Tsalani, amayi," n'kukwera.