Osadzuka Nyimbo Isanaimbidwe

Shunpei, mwana wa mlongo wanga, anasiya atsikana onse a mu Osaka n'kukakonda Kanae, mwana wa bambo Tajika ofulula mowa wa mpunga m'katauni kakalekale ka m'chigwa cha ku Hida. Ine, wogulitsa matayala akutha koma pakamwa pali bwino, anandisankha unkhoswe.

Tinafika masana. Nyumba za matabwa akuda zinali ndondondo m'mbali mwa ngalande za madzi oyera, mapiri atatizinga. Shunpei, ndi mantha akewo, ankamwa tiyi pa sitolo iliyonse.

"Iwe, mimba yako si thanki," ndinamuuza.

"Kukhosi kwauma, amalume."

Madzulo anatikhazika pamphasa, achibale a mtsikana mbali zonse, ine pakati pa bambo Tajika ndi Shunpei. Kanae anali atatichenjeza kale: kuchigwa kuno, paphwando munthu sadzuka pamalo pake mpaka mwini nyumba atayambitsa nyimbo ya makolo. Bambo ake anakanapo kale mnyamata wina chifukwa chodzuka msanga.

Nyama yootchera pa tsamba inabwera, inatha. Nsomba za mumtsinje nazo zinatha. Nyimbo osamveka. Mkuluyo ankangosimba za denga la nyumba yake, akumuba mnyamata ndi diso.

Shunpei thukuta lili kamukamu. "Amalume, ndiphulika," ananong'ona.

"Udzaphulike mutakwatirana."

"Si zoseka. Ndikupita kuchimbudzi."

Ndinamutsina ntchafu. "Ukadzuka ubwerera ku Osaka ndi ine ndekha, ndipo ine sindidziwa kuphika."

Ndinaona kuti mkuluyo akuchita dala. Koma chikhodzodzo cha munthu wachikulire ndimachidziwa, changa chikulowera komweko. Ndinakodola mayi woperekera zakudya kuti abweretse mowa wozizira wa m'mabotolo, wathovu uja. Kwathu mlendo akakuweramitsira botolo sukana, umayamba wamwako kuti apeze pothira.

"Bambo, tambula yanu ikundimvetsa chisoni." Ndinathira. "Mwati denga limeneli anakhoma ndani?"

Anamwa, nafotokoza. Ndinathiranso. Naonso ankandithirira, poti ulemu umabwezedwa.

"Nanga madzi ofululira mowa wanu amachokera kuti?"

"Pa kasupe wa kuphiri."

"Ndiye amangotuluka osaleka? Usana wonse ali chuchuchu, kutsika m'ngalande zija?"

Mkuluyo anasuntha pamphasa. Anasunthanso. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu a matayala, ndinu munthu woipa."

"Ndine nkhoswe, bambo." Ndinaweramitsanso botolo.

Anatsokomola, nayambitsa nyimbo. Amati nyimboyi imakokedwa pang'onopang'ono, koma tsiku limenelo inathamanga moti azakhali ena anatsalira m'mbuyo, akuyang'anana. Kuwomba m'manja kusanathe, amuna awiri anali ataimirira kale. Ine ndinali wachitatu.

Chimbudzi chinali chimodzi, kumapeto kwa khonde, ndipo Shunpei ndiye anayamba kufika. Anagwira chitseko, miyendo atapingasa, milomo ataluma. Kenako anachitsegula, napatuka, nawerama.

"Tsogolani, bambo."

Bambo Tajika analowa. Tinadikira tikuvinavina. Patapita kanthawi, mawu awo anamveka m'katimo, ofatsa ngati a munthu amene watula katundu.

"Mnyamata iwe, ukawauze mayi ako abwere tidzapangane tsiku la ukwati. Koma amalume akowo adzakhale kumapeto, kutali ndi mabotolo."